Wapansi Kuchoka ku Area 9 Mpaka ku Area 12

Likulu litayamba kusamuka ku Zomba, ofesi yathu inali m'gulu la maofesi oyamba kupakira mafayilo pa lole. Ine ndinali kalaliki wamng'ono, wa mtundu uja amatumidwa kukafunafuna fayilo imene bwana waikhalira. Anzanga ambiri anafika ku Lilongwe akung'ung'udza, koma ine ndinafika chifuwa chili patsogolo, chifukwa kwathu ndi cha ku Mitundu ndipo ndinkaona ngati boma landiperekeza kumudzi. Amene anakana kundiperekeza anali mkazi wanga. Iye ankaphunzitsa pa sukulu ya pulayimale kwawo ku Zomba, pafupi ndi amayi ake, ndipo anandiuza mosapsatira kuti sangatenge mwana wathu kupita naye kukadya fumbi. Kuti abwere, pankafunika kuti iye mwini alembe kalata yopempha kusamutsidwa. Chaka chinatha kalatayo isanalembedwe.

Amene ankalemba makalata ndinali ine, sabata iliyonse. Ndinkamuuza za misewu yotakata, za maofesi osanjikizana, za nyumba zokhala ndi kapinga mpaka pageti. Mabodza enieni munalibe, kungoti ndinkalemba za mawa ngati zachitika kale dzulo. Tsiku lina yankho linabwera lalifupi. Anati afika Lachisanu ndipo abwerera Lamulungu, akufuna aone ndi maso ake, ndipo akaona adzandiuza ngati alembe kalata ija kapena ayi.

Kunali kumayambiriro kwa Okutobala, jakaranda atachita maluwa, nyenje zitayamba kusokosa. Ndinaona kuti masiku awiriwo ndiwo mlandu wanga wonse, choncho ndinachita zimene kalaliki amachita akapanikizika: ndinalemba pologalamu. Ndinaitayipa nthawi ya nkhomaliro pa makina a ku ofesi, ndi kaboni yemwe, makope awiri, ngati kuti wina adzaifuna m'fayilo. M'mawa tikaona maluwa ndi nyumba za ku Area 9, kenako tikamwa tiyi kwa abwana ku Area 12, masana tikaona City Centre. Tauni yakale sindinailembemo n'komwe. Chonsecho ndiyo Lilongwe yokhayo imene ndinkaidziwa. Ndinkadziwa kumene amaotcha chimanga chabwino, telala amene sachedwetsa, bwalo la mpira ndi malo okhala m'mbali mwa mtsinje. Koma ndinkaona kuti zimenezo si zoonetsa munthu wa ku Zomba.

Za tiyi uja ndifotokoze. Abwana anga anali bambo a kumpoto, mkulu wa mpingo, munthu waulemu kwa aliyense. Tsiku lina akutuluka mu ofesi anandiuza kuti mayi akadzabwera ndidzafike nawo kunyumba. Mawu otere munthu wanzeru amangothokoza n'kuwasiya pomwepo. Ine ndinawatenga ngati chiitano, ndipo sindinawauze ngakhale tsiku. Ku Area 12 ndinali ndisanapondeko, koma zimenezo sizinandidetse nkhawa. Pa shelefu ya mafayilo, ukapeza 9 umangodumpha awiri n'kupeza 12, ndiye ndinati mzinda womangidwa ndi anthu ophunzira sungasiyane ndi shelefu.

Mkazi wanga anatsika basi dzuwa litapendeka. Ndinapita naye ku kachipinda kamene ndinkachita lendi ku tauni yakale, kuseri kwa shopu ya telala, podikira nyumba ya boma. Anayang'ana bedi, mbale imodzi, kapu imodzi ndi malaya opachika pa msomali. Ine ndiye ndinalankhula kwambiri. Ndinati izi n'zongoyembekezera, likulu lenileni aliona mawa.

Loweruka m'mawa ndinamuuza kuti avale diresi lopitira ku ukwati ndi nsapato za gogoda, chifukwa tikupita kwa anthu. Ine ndinavala jekete ndi tayi, mwezi wa Okutobala. Tinawoloka mlatho n'kukwera mtunda, ndipo poyamba zinthu zinayenda monga mwa pepala. Maluwa a jakaranda anali atayoyokera pamsewu, ndipo mkazi wanga anaima n'kunena kuti akukongola. Mtima wanga unadumpha. Kenako anawonjezera kuti ku Zomba aliko ambiri kuposa amenewa. Ku Area 9 ndinamuonetsa nyumba za eni ake kudzera m'mipata ya mipanda, ndikuloza ndi chala ngati ndinathandiza kumanga, mpaka galu wina atatiuza kuti taona zokwanira.

"Tsopano tiyeni kwa abwana," ndinatero. "Si patali, ndi pa 12 pompa."

Tinayenda. Nyumba zinatha, mipanda inatha, msewu unangopitirira wokha m'tchire lopserera. Galimoto zinkadutsa mwa apo ndi apo n'kutisiyira fumbi lofiira. Patapita nthawi mkazi wanga anafunsa kuti kodi 10 uja ali kuti. Ndinati mwina tamudutsa. Anafunsa za 11. Ndinati ali kuseri kwa kamtundako. Titakwera kamtundako tinapeza tchire lina, ndi bambo wina akukankha njinga ya nkhuni.

"Afunseni," anatero mkazi wanga.

"Ine ndifunse njira ku Lilongwe? Ndine mwana wa konkuno."

Anafunsa yekha. Bamboyo anaimika njinga, anapukuta thukuta, n'kutiyang'ana kuyambira kumutu mpaka ku nsapato za gogoda.

"Ku 12, mayi? Wapansi? Manambala a kuno satsatana ayi. Kuseri kwa 9 kuli 3. Ku 12 muyenda mpaka muwoloke Lingadzi, mudutse City Centre, mukwerenso. Kodi abambowa ndi alendo?"

"Akuti ndi a ku Mitundu," anayankha mkazi wanga.

"Aa, ndiye asochera pabwalo pawo pomwe," anatero bamboyo, n'kukankha njinga yake akupukusa mutu.

Paja amati safunsa anadya phula. Ine ndinalidya, ndipo ndinagawirako mkazi wanga. Pambuyo pake ndinadzamva kuti manambalawo ankaikidwa motsatira mmene maderawo ankalembedwera pa mapepala a omanga mzinda, osati mmene munthu angayendere, ndiponso kuti mzindawo anaukonzera anthu a galimoto. Koma tsiku limenelo sindinavomere kulakwa. Ndinatulutsa pologalamu m'thumba, ndinaiyang'ana ndi nkhope ya ku ofesi, n'kulengeza kuti tingosinthanitsa mfundo yachiwiri ndi yachitatu, poti City Centre ili panjira.

Tinafika ku City Centre dzuwa lili paliwombo. Ine ndinkaidziwa ya pakati pa sabata, yodzaza makalaliki ndi amesenjala, ndipo sindinaganizepo kuti Loweruka masana anthu onsewo amakhala kwawo. Zitseko zinali zotseka, malo oimika galimoto anali mbee, ndipo kamvuluvulu ankazungulira yekha ndi timapepala. Mitengo inali itabzalidwa yambiri, m'mizere yowongoka bwino, koma yonse inkalekeza m'chiuno. Ndinaimirira pakati pa dzuwalo thukuta lili kamukamu n'kuyamba ulaliki. Apa padzakhala mashopu, apo padzakhala hotela, uko kudzakhala munda wa maluwa, ndipo mitengo iyi ikadzakula padzakhala mthunzi wosaneneka.

"Nanga madzi akumwa adzakhala pati?" anafunsa mkazi wanga.

Anakhala pamwala n'kuvula nsapato. Zidendene zonse ziwiri zinali ndi matuza, limodzi litaphulika kale. Apa ndiye ndinamva chisoni chenicheni, ndi mantha, chifukwa ndinaona kuti kalata ija ndikuing'amba ndekha isanalembedwe. Komabe m'malo mopepesa ndinati kwa abwana kukakhala tiyi. Ananyamula nsapato kumanja n'kumaponda m'mbali mwa msewu, posankha pamene sipakutentha kwambiri.

Ku Area 12 kunali zii. Mipanda italiitali, mageti otseka, ndipo panalibe ngakhale munthu wokhala pakhonde woti n'kumupatsa moni. Tinafunsa kwa alonda atatu za bwana wa kumpoto wa galimoto yoyera tisanapeze geti lake. Mlonda wa pamenepo anasuzumira pa kabowo, anaona mwamuna wa tayi yofiira ndi fumbi ndi mkazi wopanda nsapato, ndipo sanadikire kuti timalize moni.

"Ntchito kulibe, achimwene. Wa m'dimba alipo kale, wolera ana aliponso."

Ndinamuuza ndi Chingerezi kuti ndine wa ku ofesi, koma Chingerezicho chinatuluka chouma ngati kukhosi kwanga. Mwamwayi mayi a panyumbapo anamva phokoso n'kutuluka. Abwana anali atapita ku msonkhano wa akulu a mpingo, ndipo mayiwo za ife sankadziwa chilichonse. Sanafunse zambiri. Anangoyang'ana mapazi a mkazi wanga n'kunena kuti, "Mama, lowani, mwapweteka." Anatikhazika pakhonde, anabweretsa madzi akumwa, beseni la madzi ofunda ndi mchere, kenako tiyi ndi masikono. Mtima wanga unakhalako pansi. Nyumba inali yaikulu, kapinga wobiriwira, maluwa mbali zonse, ndipo ndinadziwa kuti mboni yanga ndaipeza.

"Mayi," ndinatero, "auzeniko akazi angawa kukoma kwa Lilongwe. Akukana kuchoka ku Zomba."

Mayiwo anaika kapu pansi. "Inu ndi a ku Zomba, mama? Ife takhalako zaka zambiri. Kumene kuja ndinkangoitana mnzanga pampanda, mchere wabwera. Kuno mnzako wa nyumba yachiwiri sumudziwa ngakhale nkhope. Adada, amuna angawo, akapita ku ntchito ndi galimoto ndimatsala ndi mlonda ndi galu. Ku msika n'kutali, ku tchalitchi n'kutali. Ukadwala kuno amadziwa ndi galu yekha. Ine ndalira m'nyumba muno, sindikubisirani. Ngati amayi anu muli nawo pafupi, ganizani bwino."

Mkazi wanga ankangogwedeza mutu, mapazi ali m'beseni. Awiriwo anacheza za ku Zomba mpaka tiyi anazizira, za msika, za mvula ya kuphiri, za anthu amene onse ankawadziwa. Ine ndinangodya sikono yanga. Abwana atafika anadabwa, koma anabisa kudabwako mwaulemu n'kungoti ndikanawauza akanadzatitenga. Anatibweza pa galimoto. Ulendo umene unatidyera tsiku lonse unatha m'mphindi zochepa chabe.

Lamulungu sindinatulutsenso pepala. Tinapemphera pa tchalitchi chapafupi, mkazi wanga atavala patapata wanga, ndipo titatuluka anati ali ndi njala, ndimutengere kumene ndimadya masiku onse. Ndinalibenso mphamvu zonamizira. Tinalowa mu msika, m'phokoso la anthu ndi fungo la usipa, mpaka pa benchi ya mayi ena a cha ku Nathenje amene ankagulitsa thobwa ndi mbatata yootcha. Atandiona ndi munthu wamkazi anaomba m'manja.

"Kodi ndi amenewa akazi anu aja? Mwachita bwino kubwera, mayi. Amuna anuwa amadya pano tsiku ndi tsiku, choimirira, osalankhula ndi munthu. Loweruka amangozungulira msika uno mpaka titalongedza. Ife tinkayesa ndi ofedwa."

Ndinaseka kwambiri kuti nkhaniyo ioneke ngati nthabwala. Mkazi wanga sanaseke. Anamwa thobwa lake, anagula anyezi ndi nyemba zopita nazo kwa amayi ake, ndipo anayenda mu msikamo momasuka kuposa mmene anayendera malo onse a pa pologalamu yanga.

Pa depoti, basi ya ku Zomba itayamba kudzaza, anatembenuka n'kundiyang'ana.

"Bambo a mwana, tandiuzani. Mukufuna ndibwere kuno chifukwa chiyani?"

Ndipo ine, munthu wosamva, ndinayambiranso. Ndinati sukulu zatsopano zikumangidwa, nyumba ya boma ituluka posachedwa, mwana adzakulira mu likulu, tsogolo lonse la dziko lili kuno. Anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako ananyamula kathumba kake, anakwera basi akutsimphina, n'kukhala pawindo osandiyang'ananso.

Dalaivala analiza injini. Ndinaima pamenepo manja ali m'thumba, ndipo ndinaona bwinobwino chimene chikubwera: kubwerera ku kachipinda kaja, mawa ku ofesi, Loweruka ku msika, chaka china chathunthu. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Ndinapita pawindo n'kugogoda, pamaso pa kondakitala ndi amayi ogulitsa nthochi.

"Ndatopa kukhala ndekha," ndinatero. "Ndimakusowani, inu ndi mwana. Za mzindazi sindikuzidziwa n'komwe, mwaona nokha. Ndikungofuna mubwere."

Anatsegula windo lonse. Maso ake anali atafiira, koma mawu anatuluka a mphunzitsi.

"Chaka chathunthu ndakhala ndikufunafuna mawu amenewo m'makalata anu, ndimangopezamo misewu. Mukanayamba nawo Lachisanu, mapazi anga akanapulumuka."

Basi inayamba kuyenda, ine ndikuthamanga m'mbali mwake.

"Ndiye kalata ija?"

"Ndilemba mawa," anatero, n'kutseka windo chifukwa cha fumbi.