Chaka Chimene Bambo Anagulitsa Kakowa

Mpaka lero ndikamva fungo la polishi wa galimoto litasakanikirana ndi la udzu wa mpunga wongomweta kumene, mtima umayamba wandiwawa ndisanakumbuke chifukwa chake. Fungo limenelo ndi la shedi ya bambo anga, a Twaibu, kwathu ku Lifuwu, m'nyengo ya mwera ya chaka chimene ndinali Sitandade 6. Mpunga unali utayanikidwa pabwalo lililonse, mphepo ikuulutsira mankhusu m'maso mwa anthu, ndipo asodzi anali atakokera mabwato kumtunda poopa mafunde. M'shedimo munkagona galimoto imene anthu onse a kwathu ankaitcha Kakowa, chifukwa inali yoyera ngati mbalame zija zimatera m'minda ya mpunga.

Inali galimoto yachikale, ya nyali zozungulira ndi mabampala achitsulo onyezimira moti ndinkadziyang'anirapo pomanga mpango. Mipando inali yachikopa chofiira, chiwongolero chachikulu ngati lichero, giya yake ili pambali pa chiwongolero pomwepo. Bambo anaipata kwa dokotala wina wochokera kunja amene anamuyendetsa zaka zambiri. Pobwerera kwawo, dokotalayo anangowasiyira makiyi ndi buku lachikuto chakuda. Kuyambira pamenepo Kakowa sinagonepo pamame. Inkatuluka Lachisanu lokha popita ku swala ya Juma, mapemphero a kumzikiti wa ku boma, kapena pakakhala ukwati. Akwatibwi ambiri a kunyanja kuno anapita kwa amuna awo atakhala pampando wake wakumbuyo, ndipo bambo sankalandirapo kanthu kupatula mafuta. Nsomba sizinkakwera, thumba la mpunga silinkakwera, ndipo wobwera ndi matope ankavula nsapato ngati akulowa mumzikiti.

Tinalipo ana atatu, koma wololedwa kugwira nsanza ya polishi ndinali ine ndekha, Asiyatu, mwana wachisamba. Lachinayi lililonse ndikaweruka kusukulu tinkaitsuka awiri, madzi a pamjigo osati a m'nyanja, chifukwa bambo ankati mchenga umakanda penti. Tikamaliza ankatulutsa buku lija. M'menemo dokotala anayamba kulemba chilichonse chochitika pa galimotoyo, tsiku lothira oilo, tsiku losintha mapulagi, tsiku logula tayala, ndipo bambo anapitiriza osadumpha. Koma chaka chimenecho maso awo anayamba kuchita chifunga. Kuchipatala anati ndi shuga, ndipo sadzaonanso bwino. Zilembo zawo zinayamba kukula ndi kutsetsereka pamzere, mpaka tsiku lina anangondipatsa cholembera. Tsamba lomaliza lonse linali la dzanja langa, iwo akunena, ine ndikulemba.

Lachisanu lina anatsala pang'ono kugunda ngolo ya ng'ombe imene aliyense anaiona ili kutali. Atafika kunyumba anapachika makiyi pamsomali nanena kuti Kakowa igulitsidwa. Mayi sanalire. Anali ataganiza kale za kachigayo kopunthira mpunga kamene mwini wake ankagulitsa ku boma. Kwathu mpunga susowa, ndipo kachigayoko kakanatidyetsa ngakhale bambo atasiyiratu kuona. Chuma china tinalibe. Zonse zinatsamira pa mtengo wa Kakowa, ndipo ngakhale ine mwana ndinkadziwa zimenezo.

Apa ndi pamene mkwiyo wanga umayambira. Bambo sanafune kutchula okha mtengo, ati munthu akamakonda chinthu amachikweza mopanda chilungamo. Anapita nayo nkhaniyo kwa akuluakulu anzawo pakhonde la mzikiti. Tsono kunyanja chinthu chimayesedwa ngati bwato. Amafunsa kuti chatha zaka zingati m'madzi, nanga chinganyamule madengu angati a usipa, ndipo chikakalamba mtengo umatsika basi. Wina anati Kakowa singachite matola chifukwa anthu asanu okha yadzaza. Wina anati zipangizo zake sizipezekanso ngakhale ku Lilongwe. Amalume a Yusufu, achimwene a mayi, anawonjezera kuti imamwa mafuta ngati ng'ombe ya m'chilimwe. Pomaliza anagwirizana mtengo wofanana ndi wa injini ya boti yogwirapo kale ntchito, wosafika ndi theka lomwe la kachigayo kaja. Anthu oti sanagwirepo chiwongolero chibadwire, anthu oti ana awo anakwatiwira mu Kakowa ulere, ndi amene anakhala pamphasa n'kuiweruza. Bambo anabwera nawo mtengowo kunyumba ngati auchotsa m'buku loyera.

Sipanathe sabata amalume anabwera ndi wogula, a Nkhoma a ku Lilongwe. Anatsika pa kabaza atavala jekete yothaitha ndi nsapato zafumbi, koma ine powathirira madzi osamba m'manja ndinaona zikhatho zofewa zoti sizinagwirepo sipanala. Mayi anapha nkhuku, naphika mpunga watsopano wonunkhira mpaka kumsewu. A Nkhoma anadya, anawonjezera, anatafuna ndi mafupa omwe. Kenaka tinapita kushedi, bambo navundukula nsalu. Ndinawayang'ana kumaso a Nkhoma nthawi imeneyo. Anaima chilili, kukamwa kuli yasa, kenaka anakumbukira zimene anadzera n'kukwinya nkhope. Anazungulira galimoto akupukusa mutu, napita kukamenya tayala ndi nsapato yawo yafumbiyo. Ndinafuna kuwaluma mwendo.

Zimene anachita bambo ndi zimene zinandipsetsa mtima koposa. Iwo ankakhulupirira kuti kubisira wogula chilema cha katundu ndi haramu, tchimo pamaso pa Mulungu, ndipo ndalama yotere imawotcha nyumba. Ndiye anayamba kuulula okha, wina osawafunsa. Anagwira dzanja la a Nkhoma n'kulipititsa pansi pa chitseko chakumbuyo pamene panali kadzimbiri kochepa ngati njere ya mpunga. Ananena kuti giya yachiwiri imalimba kukazizira. Ananena kuti wotchi ya pa dashibodi imatsalira, ndiponso kuti kalirole wakumanzere si wobadwa nayo, anachita kugula. Chilema chilichonse a Nkhoma ankachilandira ndi kamluzu kachisoni ngati amva za maliro, n'kutsitsako mtengo. Amalume ankangovomereza ndi mutu. Mayi anali pakhomo la khitchini atagwira chipande, akumva zonse.

Anagwirana chanza madzulo a tsiku lomwelo pamaso pa shehe, pemphero la duwa linawerengedwa, malonda anatha. A Nkhoma anati abwera Loweruka ndi ndalama. Ali pafupi kunyamuka anaona buku lakuda lija pampando. Analitsegula, ndipo munthu uja ananyoza chilichonse anayamba kutembenuza masamba ndi nsonga za zala, pang'onopang'ono, ngati akuopa kuwadzutsa. Anafunsa kawiri konse ngati bukulo lipita limodzi ndi galimoto. Bambo anakhala chete kanthawi, nkhope atalozetsa kumene kunkachokera mawuwo, kenaka anati inde, bukulo ndi la galimoto.

Lachitatu kunabwera mayi wina amene anali ndi malo ogona alendo ku Senga Bay. Anali atamva mochedwa kuti Kakowa ikugulitsidwa. Iyeyu sanamenye tayala. Anangoiyang'ana, kumvetsera injini, kuwerenga buku, n'kutiuza mosabisa kuti galimoto zachikale zosamalidwa chonchi anthu amazisakasaka, ndipo kukalamba kwakeko ndiye mtengo wake. Ndalama imene anatchula inali yogula kachigayo kaja, kumanga nyumba yoikamo, n'kutsalako. Mayi anga anakhala pansi padothi. Bambo anathokoza mlendoyo, namuuza kuti wachedwa ndi masiku atatu.

Masiku otsatirawo m'nyumba mwathu munalibe mtendere. Mayi, amene sindinawamvepo akukweza mawu kwa bambo, analankhula mpaka mawu anasasa. Anati ndalama sinaperekedwe, pepala silinasainidwe, ndipo munthuyo anabwera ndi bodza kuyambira jekete mpaka nsapato. Anapita kwa shehe, shehe anati mwini mawu ndiye angawabweze. Anapita kwa amalume, anakapeza njinga yatsopano itatsamira pakhonde, pulasitiki isanachotsedwe pachishalo. Kuyambira tsiku limenelo sanapondenso pakhomo pa achimwene awo. Bambo yankho lawo linali limodzi.

"Dzanja ndinapereka ndine, Mulungu akuona. Bodza lake akayankha yekha. Ine ndikayankha langa."

Ndinawada bambo anga sabata imeneyo, ndinene zoona. Ndinkawaona ngati munthu wopusa amene aliyense angamudyere masuku pamutu, ndipo ndinkachita manyazi kuti ndine mwana wawo. Lachinayi anandiitana kuti titsuke Kakowa komaliza, ine ndinakana. Anaitsuka okha, akupapasa ndi manja, n'kusiya thovu m'malo amene sankaona. Ine ndinalowa m'shedi iwo atapita kukaswali, ndinatenga buku lija n'kukalikwirira m'thumba la mpunga wosapuntha kuchipinda. Ndinaganiza kuti a Nkhoma akalisowa akwiya n'kuthetsa okha malondawo.

Loweruka a Nkhoma sanabwere pa kabaza. Anabwera pa galimoto yayikulu yakuda, atavala suti, kumbuyo kukubwera lole yonyamulira magalimoto. Anyamata awo anatsitsa mabulangete atsopano ofunditsira Kakowa kuti isakandike panjira. Chinthu chimene anati n'chiphakasa anachikweza palole ngati akunyamula mazira. Anthu anadzaza pabwalo, akuluakulu a pakhonde la mzikiti aja ali pomwepo, maso ali pansi. Kenaka a Nkhoma anafunsa za buku. Bambo anapapasa pampando, anapapasa m'kabati, kenaka anaima n'kuitana dzina langa kamodzi kokha, motsitsa.

Ndinapita kuchipinda misozi ikutentha m'maso. Ndinalifukula bukulo, mankhusu ali mbuu pachikuto. Ndisanatuluke ndinalitsegula kumapeto, ndinagwira tsamba la dzanja langa lija n'kuling'amba, ndinalipinda n'kulibisa m'chitenje. Panja akuluakulu anandiuza kuti ndipereke mwaulemu. Ndinagwada pa fumbi pamaso pa munthu amene anatibera masana dzuwa likuswa mtengo, ndi kupereka ndi manja awiri monga anandiphunzitsira. Mawondo anga amakumbukirabe miyala ya pamenepo.

Koma bambo anati bukulo lidzere kaye kwa iwo. Analipukuta mankhusu ndi mkono wa mkanjo, nayendetsa chala chachikulu m'mphepete mwa masamba mpaka kumapeto. Chala chinaima pong'ambika paja. Ine ndinkawadziwa: munthu woulula kadzimbiri konga njere sakanabisa tsamba lathunthu. Ndinadikira kuti andilamule kulitulutsa pamaso pa anthu onsewo.

"A Nkhoma, m'bukumu mulibe tsamba limodzi, lomaliza," anatero bambo. "Ndakuuzani kuti mudziwe."

A Nkhoma anayamba kulusa, ati malonda anali a buku lonse, ndipo tsambalo lipezeke apo ayi achotsako ndalama ina.

"Chotsani," anatero bambo. "Limenelo analemba ndi mwana wanga. Silinali langa loti ndingagulitse."

Ndipo anachotsadi, munthu wopanda manyazi uja, pamaso pa mudzi wonse. Lole inanyamuka, Kakowa itafunda mabulangete, ana akuithamangira mpaka kumsewu waukulu. Ine sindinathamange nawo. Ndinaima m'shedi mopanda kanthu, momwe munatsala mizere inayi ya matayala ndi kadontho ka oilo.

Kachigayo kaja anagula ndi ena. Ndalama ya Kakowa inathera m'mankhwala a bambo ndi m'feteleza wa zaka ziwiri, ndipo mayi anakalamba akugulitsa mpunga wopima pamsika wa Salima ndi mbale ya pulasitiki. Mng'ono wanga sanapitirire Fomu 2. Zimenezi sindizichepetsa, ndipo amene amandiuza kuti zonse zinali chikonzero cha Mulungu ndimangowayang'ana. Patapita zaka ndinaiona Kakowa pa foni ya mnzanga, itamangidwa maliboni pa ukwati wa anthu olemera mumzinda, ikubwerekedwa pa tsiku ndi ndalama yoti kwathu tikanadya miyezi. Kalirole wakumanzere anali yemwe uja.

Ndili mwana ndinkati bambo sankadziwa mtengo wa galimoto yawo. Tsopano ndikakumbukira mmene anakhalira chete a Nkhoma atafunsa kachiwiri za buku, ndimaona kuti anazindikira nthawi yomweyo kuti apusitsidwa, dzanja atapereka kale. Anagona nazo masiku asanu ndi limodzi, mkazi wawo akulira, mwana wawo atakana kuwathandiza kutsuka, chikhalirecho kungonena liwu limodzi kukanatipatsa chigayo. Sindinganene kuti anachita bwino, chifukwa njala ya zaka zotsatirazo tinaimva ndife. Mkwiyo ndikadali nawo, kungoti unachoka pa iwo n'kupita kwa amene anadya nkhuku yathu, ndi kwa amene anakwera njinga yatsopano.

Tsamba lija lili m'sutikesi mwanga, lafiira m'mopinda. Pali mizere isanu ndi umodzi ya zilembo za mwana wa Sitandade 6, za oilo ndi madzi a batire. Bambo anakhala zaka zina zisanu ndi zinayi ali mumdima, ndipo sanandifunsepo za ilo ngakhale tsiku limodzi.