Tsiku Limene Ndinamasulira Lodi wa ku Scotland

Anandiitana Lachitatu m'mawa, mvula yoyamba itangogwa kumene. Ndinali kuphunzitsa Chingerezi ku Fomu 3 pamene ahedi anaima pakhomo n'kundikodola, osandiyang'ana kumaso. Mu ofesi mwawo munali amuna awiri ovala masuti. Wamkuluyo anati pali kafunso kochepa, ndibwerako ana asanaweruke. Panthawiyo mkazi wanga anali woyembekezera, masiku atatsala pang'ono.

Mlandu wanga unachokera kwa mlendo. Mwezi umodzi izi zisanachitike kunabwera nduna ya boma la Britain, mwamuna wamtali, wobadwira m'banja la mafumu a ku Scotland. Ulodi anaulandira bambo ake atamwalira, pamodzi ndi mpando m'nyumba ya malamulo ku London, ndipo anthu ankati adzafika patali m'ndale. Agogo ake ndiwo anathandiza kumanga sukulu yathu ya mishoni, choncho anafuna kuiona, ndipo ine ndinasankhidwa kukhala womasulira. Akubwerera kugalimoto, mayi wina wogulitsa nthochi anamugwira dzanja n'kunena kuti mwamuna wake anatengedwa ndi apolisi chaka chatha, sakudziwa ngati ali moyo. Lodiyo anatembenukira kwa ine. Akuluakulu a chipani anali pomwepo. Ndinamasulira mawu onse monga mayiyo anawanenera.

Kupolisi sanandifunse ngati ndinanama. Ankafuna dzina la amene anandituma. Wofunsayo anali munthu waulemu, ankanditchula kuti aphunzitsi ngakhale pamene anyamata ake ankagwira ntchito yawo. Tsiku lina akupukuta magalasi anati, "Aphunzitsi, Chingerezi chili ndi mawu ambiri. Mukanangonena kuti mayi uja akuthokoza boma." Kuyambira sabata imeneyo khutu langa lamanzere silimva.

Ananditumiza kundende osaonekera kukhoti. Tinkagona pasimenti, mutu kumapazi a mnzako, ndowa pakona. Za kunja sitinkamva kanthu. Mu Juni wa chaka chotsatira, mlonda wina akundipatsa mbale ya nyemba anandiuza, ngati akunena za mtengo wa sopo, kuti mwana anabadwa wamkazi koma mayi ake sanadzuke. Anati zinachitika kalekale, ine ndili kupolisi kuja, ankaganiza kuti ndikudziwa. Ndinakhala pansi n'kudya nyembazo. Kundende munthu susiya chakudya.

Zimene lodi uja ankachita ndinazimva pambuyo pake. Atabwerera kwawo anaimirira m'nyumba ya malamulo n'kufunsa za ine ndi za mwamuna wa mayi uja. Anzake m'boma anamuuza kuti dziko lathu ndi bwenzi lawo, asavundule madzi. Iye anafunsabe. Mapeto ake anatula pansi unduna, ndipo sanapatsidwenso udindo wina. Nyuzipepala zinkamuseka kuti ndi lodi wa funso limodzi. Funso limenelo ndilo linanditulutsa patapita zaka. Mwamuna wa mayi uja sanapezeke.

Kudzera mwa abusa, lodiyo anatikonzera njira yoti tibwere kuno ku Britain, ine ndi mwana wanga, amene ankabisala kumbuyo kwa azakhali ake ndikamuyandikira. Tinakhazikika ku Woolwich, mumzinda wa London. Ndinayendetsa basi mpaka kupuma pantchito, mwanayo anakula, lero ndi namwino. Ndikamulankhula Chichewa amamva zonse koma amayankha m'Chingerezi. Chaka ndi chaka lodiyo ankatiitana kunyumba kwake, ine ndinkapeza chifukwa. Sindinkamuda. Kungoti nkhope yake ndinaiona komaliza tsiku limene ndinali ndi zonse.

Chilimwe chatha mwana wanga anamva kuti lodiyo akudwala kwambiri, ndipo sanandifunse maganizo, anangonditengera jekete. Tinakwera sitima mpaka kumadzulo kwa London. Tinamupeza pampando pafupi ndi windo, bulangeti pamiyendo, utali wake wonse utathera m'mafupa. Anamuyang'ana mwana wanga nthawi yaitali, kenako anafunsa ngati amafanana ndi mayi ake. Ndinati amafanana, makamaka poyenda.

Tinakamba za sukulu ija, za nyumba ya makolo ake imene anagulitsa, za anzake a ndale amene anasiya kumuimbira foni. Ankazinena moseka. Kenako anasiya kuseka.

"Ndikanangomwetulira n'kulowa m'galimoto," anatero, "mkazi wanu mukanapita naye nokha kuchipatala. Ndaziganizira moyo wanga wonse."

Inenso ndinali nditaziganizira moyo wanga wonse. Ndinamuuza kuti, "Bwana, inu munafunsa, ine ndinayankha. Amene anatseka chitseko ndi ena."

Anagwedeza mutu, koma sindikhulupirira kuti zinamufika pamtima. Mwana wanga anamukonzera pilo monga amachitira ndi odwala ake, ndipo lodiyo anamugwira dzanja osafuna kulisiya. Anamwalira chisanu chikuyamba. Anakamuika ku Scotland, kumanda a makolo ake. Nyuzipepala ina inalemba mizere yochepa, yakuti anali wandale waluso amene anataya tsogolo lake pa nkhani yaing'ono ya ku Africa.

Kutchalitchi ku Peckham achinyamata amandifunsa kuti tsiku lotuluka m'ndende linakoma bwanji. Amayembekezera kumva za nyimbo ndi misozi. Ufulu ndi wabwino, sindikana: ndimatseka chitseko changa ndekha, ndimanena zimene ndaona, ndimagona osamvetsera galimoto yoima panja. Koma tsikulo panalibe wondidikira pageti, chifukwa kwathu sanauzidwe. Mu ofesi anandibwezera lamba, nsapato ndi wotchi yoima. Wamkulu wa ndende anandiyang'ana n'kufunsa ngati zonse zimene anandilanda zakwana.

Ndinati zakwana.