Dothi la m'Botolo la a Kenji

Ndinadzuka kusanache, m'khitchini mwa agogo amene anandilera makolo anga atamwalira. Nyimbo za amayi a mpingo zinali zitafooka, ndipo mvula ya usiku inali itakata. Ndinalowa kuchipinda cha malemu kukatenga botolo, koma pawindo panalibe kanthu.

Malemuwo anali a Kenji, amuna awo a azakhali anga. Kwawo ku Japan anasewera besibolo, masewera omenya kampira ndi ndodo n'kuthamanga, zaka khumi ndi chimodzi. Ankaima mkati mwa bwalo, kutola mpira wothamanga pansi n'kuuponya womenyayo asanafike. Bondo litawonongeka timu inawasiya, ndipo anabwera kudzaphunzitsa masewera pa sekondale ina ku Rumphi Boma. Tsiku lomaliza m'bwalo la ku Japan anatapa dothi la pamene ankaima, monga amachitira osewera kwawo, n'kulisunga m'botolo lija. Ali m'chipatala anandipempha kuti ndidzalithire m'manda mwawo, ndipo ndinalonjeza.

Kutacha moto unayaka kuseri. Lole ya ku Chelinda inatsitsa anthu, enanso anachokera ku Mlowe ndi mabasiketi a usipa. Azakhali anali pamutu pa bokosi, sindikanatha kuwafunsa. Ndinafunsa amayi ophika mmodzimmodzi, onse ankangondiuza kuti ndisunthe, ndikuwatchingira utsi. Pomaliza mayi wina amene anasesa m'chipindamo anayankha akuvundula nyemba.

“Mwana iwe, abusa akanachiona chinthu chija bwenzi atabwerera. Tinakataya kudzala dzulo. Tawabisira manyazi azakhali ako, uthokoze, unene yewo.”

Iwo ankaganiza kuti ndi mankhwala.

Ndinagwada kudzala n'kuyamba kufukula ndi manja. Munali phulusa, makoko a nthochi ndi masamba a kabichi, zonse zitanyowa. Ndili pomwepo ndinamva mkulu wa mpingo akuwerenga mbiri ya malemu. Anati anali katswiri wa mpira, anthu n'kuvomera ngati akumuona akugoletsa chigoli. Botolo ndinalipeza lopanda chivindikiro. Pansi pake panatsala kamzere kakuda, ndipo nditakapala ndi kamtengo sikanadzaze n'chikhadabo chomwe. Ndinakaphatikiza ndi matope a pamene botolo linagona, n'kufumbata.

Bokosi linali litanyamuka kale. Ndinalipeza pa mlatho, ophunzira awo akale akulandirana, ena atachita kale imvi. Mvula inayambanso. Kumanda, abale ataitanidwa kuti aponye dothi, ndinatambasula dzanja. Matope anagwera pa bokosi limodzi ndi kachidutswa ka kabichi. Bambo wina anandiyang'ana.

Pobwerera anthu anaima pamzere kusamba m'manja pachipata. Ine ndinalambalala.

Madzulo nyumba inali zii, mabenchi a tchalitchi atabwezedwa. Azakhali anandifunsa motsitsa mawu ngati ndinathira dothi lija, ndipo ndinavomera. Anafunsanso ngati linali lonse. Ndinayang'ana zikhadabo zanga zakuda, osadziwa kuti la ku Japan ndi liti, la kudzala ndi liti.

“Lonse, azakhali,” ndinatero.