Chala cha a Toto

Dzina lakuti Toto anawapatsa ndi mayi awo owabala. Ana ena amayamba kulankhula ndi "amama", koma iwo mawu oyamba kutuluka m'kamwa anali okana. Anakula choncho. Ukawapatsa mpando ankakhala pansi, ukawauza kuti kunja kwatentha ankavala juzi.

Ngakhale akazi awo anawapeza mochenjera. Ataona kuti chibwenzi chikukalamba popanda chomveka, anangofunsa kuti, "Ndiye ndikwatiwe ndi wina?"

"Toto!"

Banja linamangidwa pa mawu amenewo.

Kwa zaka zambiri a Toto anali mlonda pageti la nyumba ina ya maofesi, ndipo ntchitoyo inkawakhala ngati anabadwa nayo. Inatha tsiku limene anakaniza mwini nyumbayo kulowa chifukwa anaiwala chiphaso, mvula ikumukhuthukira pamutu.

Anawatola ndi mwana wa mlongo wawo, mtsikana wa mutu wakuthwa amene anayambitsa kakampani ndi anzake m'chipinda cha pamwamba pa sitolo ya matayala. Ankapanga pulogalamu ya pakompyuta yothandiza maloya kusunga makontrakiti, kuwatumiza kwa osayina ndi kukumbutsa tsiku lothera. Akasintha kanthu m'pulogalamumo, pankafunika munthu woyesa ngati ikugwirabe ntchito.

"Amalume, n'zosavuta," anatero mtsikanayo. "Pakabwera kontrakiti yongopeka, inu muzidina batani lobiriwirali, lolembedwa kuti Ndavomera."

Yoyamba inali yakuti kampani ya Uje ikugulitsa mitambo kwa kampani ya Chakuti.

"Mitamboyo ndi yawo?" anafunsa a Toto.

"N'zoyesera chabe, amalume. Dinani."

Chala chinaima m'malere. Thukuta linatsika m'khosi. Pomaliza anachigwira ndi dzanja linalo n'kuchikankhira pansi ngati akumiza mbuzi m'dibi. Ya mitambo itadutsa panabwera ya kubwereketsa mphepo, kenako ya kusinthana mithunzi. Pofika kumapeto kwa mwezi chala chija chinkadina chokha, mwini wake akuyang'ana pawindo.

Matenda anafika kunyumba kudzera mwa mlamu wawo, amene anabwera ndi abakha m'dengu kudzapempha kuti awasungireko. Anabwera mongoyesa, dengu osalitula n'komwe, poti yankho ankalidziwa kale.

"Ndavomera," anatero a Toto, ndipo anacheuka kuona amene walankhula.

Mbiri siigona panjira. Anyamata a bandi anabweretsa ng'oma zawo kudzasunga pabalaza. Wometa anawayeserapo kametedwe katsopano kosiya mzere pakati pamutu. A kwaya, amene ankasowa mawu okwera, anawaimika pakati pa amayi. Chodabwitsa n'chakuti a Toto mumtima zinkawakomera. Moyo wawo wonse anthu ankawalambalala ngati chitsa, tsopano ankawakuwira moni kuchokera kutsidya kwa msewu.

Amene zinawawawa ndi akazi awo. Tsiku lina atapeza bakha atagona m'ng'oma yaikulu, anakhala pansi n'kulira.

"Bambo, nyumba ino sitinaimangire mpanda chifukwa mpanda munali inu. Lero aliyense akungolowa. Kodi simukuona kuti mwasanduka chopondera?"

"Ndavomera, mayi."

M'mawa mwake mayiwo anakwera masitepe a kuofesi, fungo la matayala likuwatsamwitsa, n'kumuuza mtsikana uja kuti awabwezere mwamuna wawo momwe anamutengera. Mtsikanayo anagwidwa ndi chisoni. Anawachotsa amalume ake pabatani n'kuwaika pafoni, poganiza kuti akamamva madandaulo a maloya tsiku lonse, lilime lakale libwerera.

Apo ndiye anathira mafuta pamoto. Loya wina anaimba kufunsa ngati pulogalamuyo ingamawerenge kontrakiti mokweza, ndi mawu a munthu wokwiya, kuti a mbali inayo aziopa. A Toto anavomera. Wina anafuna kuti izitsokomola ikafika pa chiganizo chokayikitsa. Anavomeranso. Opanga pulogalamu aja anayamba kuthothoka tsitsi, koma makasitomala anachuluka, chifukwa panalibe kampani ina yosadziwa kukana chonchi.

A Toto sanali munthu wothawa mawu ake. Zimene pulogalamu inalephera ankazichita okha. Ankakwera basi kukagogoda pakhomo pa munthu n'kumuuza kuti kontrakiti yake ikutha. Kutsokomola kuja ankakutsokomola ndi iwo, pafoni.

Tsiku lina kunaimba loya wachikulire, wa mawu otopa, amene akazi ake anamwalira chaka chapitacho. Anayamba ndi za makontrakiti, n'kuzungulirazungulira, kenako anafika pa chimene anaimbira.

"Pepani, achimwene. Kodi pulogalamu yanuyi ingathe kuperekeza munthu kwa dokotala wa mano? Ine ndimaopa, ndipo amene ankandiperekeza kulibe."

A Toto anavala jekete lawo labwino n'kupita. Anamupeza mkuluyo atakhala pabenchi, atakumbatira chikwama cha mapepala ngati mwana. Analowa naye, namugwira dzanja mpaka dzino linatuluka. Loya wogwetsa anthu m'khoti anafinya zala za a Toto mpaka zinachita dzanzi.

"Ndinu achibale?" anafunsa dokotala akusamba m'manja.

"Ndi pulogalamu," anayankha loyayo, thonje lili m'kamwa.

Dokotala anagwedeza mutu ngati wamva, kenako anayang'anitsitsa m'kamwa mwa a Toto, amene ankamwetulira.

"Bambo, dzino lakumbuyolo silikuoneka bwino. Poti mwabwera kale, tilichotseretu?"

Patapita kanthawi amuna awiriwo anali pamalo odikirira basi, aliyense atagwira tsaya lake, wina lakumanja wina lakumanzere. Palibe amene ankatha kulankhula bwino. Basi itafika, loyayo anawasisita a Toto paphewa n'kunena movutikira kuti ali ndi mnzake, loyanso, amene sabata yamawa akukachotsa mano awiri.