Nyumba Yamiyendo ya Yobe

"Za utotozo musandiuze, maso ndili nawo," anatero a Zakeyo osatembenuka n'komwe. "Wobiriwira, wowala, zikomo. Ine ndikufunsa zipewa. Zipewa zija munaziika kuti?"

"Zipewa ziti, madala?" anafunsa Yobe.

"Zamalata. Mzati uliwonse wa pansi pa nyumba ino unali ndi chake kumutu. Khumi ndi ziwiri. Ndinazidula ndekha, inu musanamere ndi ndevu zomwe."

Yobe anayang'ana mkazi wake, Dorika, amene anaima pakhomo atapinda manja. Dorika anayang'ana kukhola. Kumeneko nkhuku zinali kumwa madzi m'chimbale chadzimbiri cha makona anayi.

A Zakeyo anatsatira maso a awiriwo mpaka kukholako. Anavula kapusi, n'kudzikanda padazi pang'onopang'ono.

"Mayo ine," anatero chapansipansi.

Mkuluyu ndiye anali kalipentala wa pa esiteti ya fodya imene inali pano, kumadzulo kwa Lisasadzi, isanagulitsidwe zidutswazidutswa. Yobe anakawatenga pa njinga m'mawa umenewo chifukwa cha zimene zinachitika dzulo lake. Mvula yoyamba itangokata, dzuwa lili pafupi kulowa, mwana wawo Thoko, wa zaka zisanu ndi chimodzi, anatuluka kuchipinda kwake akuthamanga, mbale ili m'manja.

"Ababa, onani! Ndiwo zabwera zokha! Zikutuluka pansi pa mphasa yanga!"

M'mbalemo munali ngumbi, zina zikukupizabe mapiko. Dorika anayamba kuseka, kenako analeka mwadzidzidzi. Ngumbi zimatuluka pachulu. Zikatuluka m'chipinda, ndiye kuti chipindacho chakhala pa chiswe.

Yobe sanabadwire kuno. Bambo ake anabwera pa lole ya esiteti kuchokera kumwera iye ali kumsana, ndipo anakulira m'tinyumba taudzu ta matenanti, tija munthu sabzala ngakhale papaya pakhomo poti sadziwa ngati chaka chamawa adzakhalapo. Ali ndi zaka khumi ankadziwa kale kusoka fodya. Atakula anasamuka maesiteti asanu, konseko denga la eni ake. Koma nyumba imene inamukhala m'mutu ndi ino, yamatabwa, yoima pa mizati ya njerwa yofika m'chiuno, mmene munkakhala manejala. Matenanti ankafola pa masitepe ake kudikira chimanga ndi mchere. Zaka zonsezo Yobe sanapitirirepo sitepe yachitatu.

Esiteti itatha, anthu anathamangira minda ya kufupi ndi dambo. Chidutswa chokhala ndi nyumbayi chinatsala, pakuti ndani kuno amawerengera matabwa ngati nyumba? Kumaiko ozizira, nyumba yotereyi akanaijambula n'kuiika pa kalendala. Ku Lisasadzi ankaiona ngati mulu wa nkhuni wochedwa kugwa. Yobe anaigula ndi thukuta la fodya ndi soya la zaka zitatu. Tsiku loyamba anakwera masitepe onse asanu, n'kukhala pansi pabalaza yekhayekha, osachita kanthu mpaka masana.

Chilimwe chonsecho anali pa nyumbayo. Anachotsa malata obooka, anapala ndowe za mileme, anabweretsa matabwa a paini kuchokera ku Boma n'kusintha ofumbwa, anadula chipinda chachikulu pakati kuti Thoko akhale ndi chake. Pomaliza anapaka utoto uja.

Ndiye kunabwera apongozi ake, a Ezelina, kudzaona. Mwa ulemu wa chipongozi sanalankhule ndi Yobe maso ndi maso. Anazungulira nyumba, anawerama n'kusuzumira pansi pake, kenako anauza mwana wawo mokweza, kuti mawu akafike kuseri kumene mkamwini anaima.

"Iwe Dorika, nanga mbuzi zake zili kuti?"

"Mbuzi zanji, amayi?"

"Si khola ili? Ine chibadwire, zamiyendo ndimadziwa nkhokwe ndi khola la mbuzi. Mdzukulu wanga azigona m'malere ngati chimanga?"

Sabata isanathe, kumjigo Dorika anali atasanduka "amayi a m'nkhokwe". Sanadandaule. Ankangotula chidebe n'kulowa m'nyumba mwachangu, ngati masitepewo akumuotcha.

Choncho Yobe anaganiza zobisa miyendoyo, ndipo anachita monga akanachitira munthu aliyense wakhama wa kuno. Dothi labwino ndi la pachulu: ndilo amaumbira njerwa, ndilo amathira m'munda pamene fodya wafooka. Anatuta ngolo makumi awiri. Zipewa zija zinkatulukira kunja n'kumatchinga njerwa, ndiponso chimodzi chinali chitacheka Thoko pamwendo, ndiye ankatukula mtanda ndi chitsulo n'kumazisolola chimodzichimodzi. Anamanga khoma kuzungulira, anadzaza dothi, analitsendera mpaka linakhudza matabwa. Dorika anazira khonde. A Ezelina anaimba nthungululu. Dzinja loyamba linadutsa bwinobwino. Ili linali lachiwiri.

"Chiswe sichifuna kuonedwa," anatero a Zakeyo tsopano, akukwera masitepe ndi hamala m'manja. "Chinalipo kale pansi apa, ndi kwawo. Koma pansi pankadutsa mphepo, pankawala. Chikafuna kukwera chinkamanga kanjira kadothi pa mzati, chikafika pa chipewa n'kusowa podzera, n'kutulukira poyera. Munthu n'kuona, n'kukanda ndi ndodo, basi. Zaka makumi anayi. Inu mwabwera n'kuchimangira msewu watala."

"Ndimafuna ioneke ngati nyumba, madala."

"Yaoneka."

M'chipinda cha Thoko anagwada n'kufunyulula mphasa. Thabwa linali bwinobwino, utoto wosalala. Analigogoda ndi mpini wa hamala, osati mwamphamvu, ndipo mpiniwo unangolowa ngati akuboola pepala. M'bowomo munayera mbee. Zinali kuyenda.

Yobe anawerama n'kusuzumira. Apo ndi pamene mwana ankatsamiritsa mutu.

"Matabwa awa si kanthu, paini chiswe chimadya ngati sikono," anatero a Zakeyo. "Nkhani ndi mtanda wapakati. Umachoka kukhomo uko mpaka pansi pathu pano. Khoma lapakati lakhala pa iwo, denga lakhala pa khomalo. Ukakhala kuti uli moyo, nyumba muli nayo. Ukakhala kuti wapita, zulani malata ndi zitseko, zotsalazo muziwotha."

"Tidziwa bwanji?"

"Muchotse dothi lanu lija, mulowe pansi, mukaugogode. Ine msana unandithera pa esiteti, ndidzamvera pamwamba. Koma lero lomwe tulutsani mwana ndi katundu. Mphepo ya mvula ya Disembala mukuidziwa."

Anasamukira m'chigafa, chisakasa chija chaudzu choyanikamo fodya, chimene nyengo ino chimakhala chopanda kanthu. Dorika anatchinga mbali ziwiri ndi masaka. Yobe atayang'ana kumwamba n'kuona udzu, anamva ngati zaka zonse zija zamubwerera, ngati wina abwera kudzamuuza kuti apakire.

Womuthandiza panalibe. Mvula yoyamba ikagwa aliyense amakhala m'munda kuwokera fodya, ndipo Dorika naye ankapita yekha ndi dengu la mbande pamutu. Odutsa ankaima pamsewu kuonerera munthu akugumula khoma limene anamanga yekha. "Mwataya chiyani pansipo, achimwene?" anakuwa wina. Yobe anapitiriza kugumula. Masiku atatu anakumba ndi khasu la mpini waufupi, akukoka dothi ndi beseni, mpaka anaboola ngalande yopapatiza yotsata mtanda uja. Nthawi iliyonse mphepo ikaomba malata, ankaponya khasu n'kutuluka chafutambuyo.

Tsiku lachinayi masana, a Zakeyo anabwera. Kum'mawa kunali kutada bii.

"Bambo a Thoko, dikirani mvula idutse," anatero Dorika, amene tsikulo sanapite kumunda.

"Ikadutsa ndi nyumba yomwe, ndidzagogoda chiyani?"

Yobe anamulanda foni, anayatsa katochi kake, anailuma m'kamwa, n'kulowa akudzikoka chagada, hamala ili kudzanja. Munali fungo la dothi lonyowa ndi kutentha kwa mu uvuni. Mtanda unali pamwamba pa mphumi pake penipeni, wokutidwa ndi chikhungwa chadothi chimene chiswe chinamata. Atachikanda, zoyera zinamugwera kumaso ndi m'khosi. Za mitu yofiira zinayamba kumuluma.

"Yambani!" Mawu a a Zakeyo anatsika kudzera m'matabwa. Anali atagona chammbali pabalaza, khutu lili pansi.

Yobe anagogoda. Ngo. Ngo.

"Uli moyo. Sunthani."

Anadzikoka ndi zigongono. Ngo. Ngo.

"Sunthani."

Atangosiya kugogoda anamva phokoso lina. Linali ngati mvula yowaza pa masamba ouma a fodya, koma linkachokera m'matabwa, kumanja, kumanzere, pamwamba, paliponse. Chiswe chinali kumuyankha. Anali atagona m'nyumba imeneyi chaka ndi theka, phokoso limeneli lili pansi pa khutu lake.

Anadutsa mzati wachiwiri. Anadutsa wachitatu. Kuwala kwa kukhomo kwa ngalande kunali kutatsala kumapazi, kochepa ngati ndalama yachitsulo. Pomwepo foni inalira kawiri m'mano mwake, n'kuzima. Moto unali utatha.

Mdima unamukhala pachifuwa. Kunja kunagunda bingu, malata anapokosera, ndipo penapake pamwamba pake thabwa linalira kuti kwee, dothi n'kumuthothokera pamimba. Sakanatha kutembenuka. Sakanatha kudzuka. Anaganiza za denga, khoma lapakati, kabati ya mbale imene analephera kuitulutsa, zonse zili pa mtengo umodzi umene sakuuona.

"Bambo a Thoko!" Dorika anali kukuwa kutali kwambiri. "Tulukani! Isiyeni igwe, tulukani!"

"Mwaima bwanji?" anafunsa a Zakeyo, mawu ali phee ngati akufunsa nthawi. "Kwatsala mikono iwiri. Kapena mwapeza ndiwo?"

Yobe analavula foni. Anapapasa ndi dzanja mpaka anaupeza mtandawo, n'kumenya mumdima. Ngo. Anasuntha. Ngo. Anasunthanso, mutu n'kugunda mzati womaliza, wa pansi pa chipinda cha Thoko. Anamenya.

Phu.



"Bwerezani."

Phu. Hamala inalowa, n'kukanirira momwemo.

"Bwererani m'mbuyo chikhato chimodzi. Menyani." Phu. "China." Phu. "China."

Ngo.

Anamva a Zakeyo akupuma mwamphamvu, mpweya wawo ukudutsa pa mng'alu wa thabwa. "Tulukani tsopano. Pang'onopang'ono. Musagunde kanthu."

Anatuluka mvula itayamba, thupi lonse dothi, m'khosi muli timadontho tamagazi. Dorika anamugwira malaya n'kumamusansa ndi chitenje, akulira, akumukalipira nthawi yomweyo.

"Ndi mlombwa umenewo," anatero a Zakeyo ali pa masitepe. "Chiswe chaluma mtandawo n'kulavula. Koma kumapetoko tinalumikiza ndi bulugamu, mlombwa unatiperewera. Kumeneko kwatsala khungu lokha. Ngodya imeneyo yaima ndi chisomo."

Sanadikire kuti mvula ikate. Anakabwereka jeke yodindira mabelo a fodya kwa mnansi, imene nyengo ino imangokhala, anaiika pansi pa ngodyayo, n'kumapotokola pang'onopang'ono. Nyumba inabuula ngati ng'ombe yodwala. Thoko anatseka makutu ali m'chigafa. Anachirikiza ndi njerwa, ndipo inaima.

Ntchito yotsalayo inatenga masabata atatu, fodya wa Yobe n'kuchedwa. Dothi lonse linatuluka. Chipinda cha Thoko anachiphwasula pansi ponse n'kuotcha matabwa ake. Zipewa zisanu ndi zinayi zinapezeka: kukhola, pa mphika wa madeya, china chitavundikira mtsuko. Zitatu a Zakeyo anadula zatsopano. A Ezelina atabwera anaima patali, anayang'ana nyumba itaimanso pa miyendo yake, anayang'ana mulu wa phulusa, n'kunyamula mdzukulu wawo pamiyendo ngakhale anali wamkulu kale. Za mbuzi sanatchule.

"Musaganize kuti mwathana nacho," anatero a Zakeyo tsiku lomaliza. "Make chiswe sitinampeze. Ali pansi apa, akudziwa tsopano kuti kumwambaku kuli chakudya. Sabata iliyonse muzilowa, mzati ndi mzati. Mukaona kanjira kadothi ngakhale kochepa ngati chala, kandani. Mukadzaiwala mwezi umodzi, musadzandiitane."

Loweruka Yobe anapita ku Boma kukagula mabawuti awiri amene anaperewera polumikiza mtengo watsopano kumapeto kwa mtanda uja. Atatuluka m'sitolo anaima pa benchi ya mayi wina wogulitsa maloko, zipeso ndi mabatire. Anasankha katochi kakuda, kotalika ngati chala chapakati, ka chingwe chokolekera m'khosi.

"Kamazima kokha?" anafunsa.

"Kazime bwanji, bambo? N'katsopano."

"Yatsani ndione. Zimitsani. Yatsaninso."

Mu minibasi anakayatsa kawiri m'thumba la malaya, dzuwa likuswa mtengo, mpaka woyandikana naye anamuyang'ana. Atatsika pa Lisasadzi anayenda mofulumira, dzanja lili pathumbapo. Kum'mawa kunali kutayambanso kuda. Thoko anamuona ali patali n'kumuthamangira.

"Ababa, mwandigulira chiyani?"

"Dikira kaye, mama," anatero Yobe. Anakoleka chingwe m'khosi, n'kugwada pa mzati woyamba.