Lumo la atsibweni

Mwendo wa amayi unatupa m'dzinja, nthawi imene tiyi amachuluka kuesiteti. Anayamba kuthyola tiyi ine ndisanabadwe, ndiye poyamba tinkangoti n'kutopa. Utafika powala ngati bilinganya, ndinawakweza kabaza mpaka kuchipatala.

Adokotala anati magazi aundana mumtsempha. Ine ndine munthu wa mafunso, moti sindinawasiye mpaka atandifotokozera bwino. Anati m'magazi muli zinthu zina zimene zimawaundanitsa munthu akavulala, ndi zina zosungunula zoundanazo bala likapola. Mwa amayi zoundanitsa zinali zitakula mphamvu. Mapiritsi amene anatipatsa sanali osungunula ayi, ankangofooketsa zoundanitsazo kuti zinzakezo zimalize ntchito pang'onopang'ono. Anatichenjeza kuti pa miyezi yonse yomwa mapiritsiwo amayi asachekedwe ndi kanthu, chifukwa magazi akhoza kutuluka osaleka.

Patatha sabata mwendo unali chitupirebe. Atsibweni anga, mlongo wawo wa amayi, anabwera kuchokera ku Thuchila atanyamula lumo latsopano ndi kabotolo ka mankhwala akuda. Kwathu chotupa chilichonse timachitemera mphini kuti magazi oipa atuluke. Ine ndemwe ndili nazo zingapo pamsana. Pamene ndinkachokera kumjigo ndinapeza amayi atatambasula kale mwendo pamphasa, poti mlongo wawoyo ankamuopa.

Ndinatula ndowa n'kukhala pansi pakati pa atsibweni ndi mwendowo. Mantha ndinali nawo, chifukwa kwathu atsibweni sayankhidwa, komabe ndinawauza zonse zimene ananena adokotala. Iwo anaseka, n'kunena kuti kasukulu kanga ka sitandade eyiti kandizunguza mutu.

"Mwana iwe, mphini zomwezi ndi zimene zinakuchiritsa iweyo. Tachoka apo."

"Pepani atsibweni, sindichoka. Ngati mukufuna kutema, muyambe mwatema ine."

Atsibweni anabwezera lumo lija m'kapepala kake n'kukwera njinga osatsanzika. Ndinalira tsiku limenelo, koma mapiritsi ndinapitiriza kuwamwetsa amayi osadumphitsa ngakhale tsiku limodzi.

Mwendo unaphwa mwezi wachitatu. Atsibweni sanandikhululukire. Nditapeza banja anakana kukhala nkhoswe yanga, ndipo mpaka lero zimandiwawa. Koma tsiku la ukwatiwo amayi anayenda okha wapansi kuchokera kunyumba mpaka kutchalitchi, ndipo pa perekaniperekani anavina mpaka anthu anachita kuwagwira kuti apume.