Maloko a Bambo a Emelda

Kuyambira mu 1978 mpaka mu 1989, nyumba iliyonse ya Mmalawi kapena Mzambia ku Hyattsville, ku Falls Church ngakhale ku Fairfax imene inali ndi mpopi wa mowa inalinso ndi loko wa a Stafford Kathumba. Ena ankamufunadi lokoyo, ena ankangowalola chifukwa cha manyazi. Wanga ndiye anali woyamba, ndipo ndi yekhayo amene anabwera wopanda kiyi.

A Kathumba anali a ku Ntcheu, mwana wa mayi wofulula masese. Anabwera ku America mu 1971 ngati dalaivala wa bwana wina wa kubanki kumene nanenso ndinkagwira ntchito. Bwanayo atabwerera kumudzi iwo anatsala, mapepala awo ali osalongosoka kwenikweni, n'kuphunzira kukonza mafiriji. Sukulu analekeza Sitandade 6, koma manja awo ankatichititsa manyazi ife ophunzirafe. Ine ndine Goodwin, ndipo nthawi imeneyo ndinali ndi madigiri awiri ndi pakamwa posatopa. Aliyense wolandira kalata ya boma ankathamangira kwa ine. Ndinkayankha mafunso onse, ndi amene sindinkawadziwa omwe.

Mu 1975 a Kathumba anatola firiji yakale imene mzungu wina anataya. Anaboola chitseko chake n'kulowetsapo mpopi wonga wa m'bala, m'kati n'kuikamo mgolo wa mowa ndi kabotolo ka gasi kokankha mowawo. Ukakoka chogwirira, mowa wozizira unkatsika ndi thovu lake. Anaiika m'chipinda chapansi cha nyumba yawo ku Hyattsville, ndipo Loweruka lililonse masana tinkasonkhana mmenemo, n'kumakamba za kumudzi motsitsa mawu ngati makoma a ku Maryland anganene. Chaka chisanathe anali atapangira mabanja ena asanu mafiriji otere, banja langa lili limodzi mwa iwo.

Anali ndi mwambo wawo umene anatengera kwa mayi awo. Mwini mowa amayamba walawa yekha, alendo akuona, kuti adziwe kuti mulibe choipa. Tambula iliyonse imene ankathira, ankaipsontha kaye asanapereke. Tinkawaseka kuti ndi njira yomwera mowa wa anzawo, iwo n'kumangoti ndi ulemu.

Nkhani ya ulemuyi ndi imene inkawasowetsa mtendere. Iwo ndi akazi awo, a Marjorie, anali ndi mwana mmodzi, Emelda, wobadwira konkuno. A Kathumba ankaopa kulera mwana wopatsa akulu moni ali chiimire, manja ali m'thumba. Choncho Emelda atakwanitsa zaka zinayi anamukhomera kampando koti azikwerapo kuti azifikira mpopi. Ankakwera, kukoka chogwirira ndi manja onse awiri, kupsontha thovu monga ankachitira bambo ake, kenako n'kumayenda pang'onopang'ono, lilime lili panja, mpaka pamene wakhala mlendo. Akafika ankagwada. "Here, Uncle," ankatero, chifukwa Chichewa ankangomva, kuyankha ayi. Tinkawomba m'manja, ndipo wowomba kwambiri ndinali ine.

A Marjorie, amene ankagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, sizinkawasangalatsa.

"Bambo a Emelda, ngati n'za ulemu, mwanayu mumuphunzitse ndi madzi."

"Thovu lokhalo, mayi. Ife tinakulira pambali pa mbiya, tinafa?"

Linali Lamlungu la mu Okutobala 1977. A Marjorie anali kuntchito, a Kathumba ali panja pansi pa vani yawo. Cha m'ma 2 koloko anazindikira kuti m'nyumba mwangoti zii. Anamupeza Emelda m'chipinda chapansi chija, atagona pasimenti. Zidole zake zisanu ndi zinayi anali atazikhazika mozungulira ngati mmene tinkakhalira ife, chilichonse ndi kakapu kake patsogolo. Mwanayo analawira mlendo aliyense. Ndipo poti alendowo sankamwa, komanso bambo ake ankanena kuti mowa sutayidwa, anawamalizira yekha.

Foni ya kunyumba kwanga ku Falls Church inalira ndikuonera mpira wachimereka pa TV.

"Achimwene, Emelda wamwa mowa. Wagona. Ndipite naye kuchipatala?"

"Wamwa wochuluka bwanji?"

"Sindikudziwa. Koma akupuma bwinobwino."

"Mukapita naye aitana apolisi. Kuno ana amalanda, achimwene, ndipo mapepala anu mukuwadziwa. Musiyeni agone. Mowa umatha ndi tulo. Akadzuka mumupatse madzi."

"Zoona?"

"Zoona."

Sipanathe ndi mphindi imodzi yomwe. Chingwe cha foni chinali chachifupi, ndiye ndinkalankhula nditasuzumira pakhomo la pabalaza, maso ali pa TV.

A Kathumba anamugoneka pasofa, kumufunditsa, n'kukhala pambali pake maola awiri akuyembekeza kuti adzuke. Cha m'ma 4 koloko mwanayo anayamba kuphupha. Kuchipatala adokotala anati mwa mwana wamng'ono mowa umagwetsa shuga wa m'magazi, ndipo chimene chimaoneka ngati tulo si tulo ayi. Emelda anamwalira Lachiwiri m'mawa. Adokotala ndi apolisi atafunsa nthawi imene anamupeza, a Kathumba anati 4 koloko. Kwa a Marjorie ananenanso chimodzimodzi. Dzina langa silinatuluke pakamwa pawo, ndipo maola awiriwo anatsala ndi anthu awiri, iwo ndi ine.

Tinaika maliro ku Maryland konko. Mu Januwale, chipale chofewa chili mbuu, a Kathumba anafika kunyumba kwanga ndi bokosi la zida. Mwana wathu Mable anali ndi zaka ziwiri. Anapatsa moni mkazi wanga Theresa, n'kutsikira pansi pamene panali firiji yanga. Atafika pakhomo anagwada, n'kuyamba kuzungulira chipinda chonse ndi maondo. Ndinaganiza kuti mutu wawasokonekera ndi chisoni.

"Ndikuona zimene amaona mwana," anatero osandiyang'ana. "Kireti iyi angathe kuikoka. Mpando uwu n'ngopepuka. Zitulutseni."

Ndinazitulutsa. Kenako anatenga kachitsulo kamene anawotcherera okha, kooneka ngati chibakera, kovindikira chogwirira ndi kukamwa kwa mpopi pamodzi. Anakaveka, n'kulowetsa loko. Pachitseko cha firiji anakhomapo chokolera kuti loko yemweyo agwire zonse. Pakachitsuloko anali atadinda ndi nyundo mawu amodzi, zilembo zokhotakhota: MUSADIKIRE. Anatseka, kiyi n'kuponya m'thumba la ovololo, n'kumapita. Sindinawafunse za kiyiyo. M'firijimo munali mgolo wa mowa wofika theka.

Umu ndi mmene ntchito yawo inayambira. Pakati pa sabata ankakonza mafiriji, Loweruka n'kumayenda m'makomo. Anthu ena ankati iwo amangochotsa chogwirira mwana akakhala pafupi, a Kathumba n'kutenga pensulo, kuisomeka pakachitsulo kotsalako, mowa n'kutuluka. Ena ankamanga chogwirira ndi mphira, iwo n'kuwafunsa ngati mwana wawo sanaonepo sizasi. Wina wa ku Kitwe anawauza kuti ana ake ndi omvera, sangakhudze.

"Wanga analinso womvera," anayankha. "N'chifukwa chake."

Mbiri inafika kwa azungu oyandikana nawo, ndipo nawonso anayamba kuwaitana. Ambiri ankayesa kuti mawu odinda aja ndi dzina la kampani. A Kathumba ankawamasulira mmodzimmodzi, n'kuwalembera nambala ya ambulansi pachitseko cha firiji ndi utoto wofiira. Pakhomo lililonse ankasiya kiyi mmodzi n'kusunga mnzake m'chitini cha mkaka, ali ndi kapepala ka dzina. Sankalandira kanthu kupatula tiyi. Ife tinayamba kuwatcha a Loko, poyamba kumbali, kenako pamaso pawo, ndipo ankavomera.

Mowa anausiyiratu. Pamisonkhano yathu, mwana akatumidwa ndi kapu, ngakhale ya madzi, a Kathumba ankadzuka msanga n'kukamuchingamira pakati pa njira kuti asafike pogwada. Iwo ndi a Marjorie sanaberekenso mwana wina. Anthu tinasiya kuwaitana ndi dzina la mwana wawo poopa kuwakumbutsa, koma a Marjorie sanasiye. Kutchalitchi, kusitolo, pagulu, unkamva "bambo a Emelda, tiyeni," ndipo a Kathumba ankatembenuka nkhope itawala pang'ono. Ndikukhulupirira kuti chimene chinkawadzutsa m'mawa uliwonse chinali chimenechi. Kwa mkazi wawo anali akadali munthu amene anapeza mwana n'kuthamanga naye.

Kwa ine ankabwera Okutobala aliyense kudzathira mafuta loko. Theresa ankadandaula kuti firijiyo ikungodya magetsi, tiitaye. Ndinkati mawa. Inakhala ikulira pansi paja zaka khumi ndi chimodzi, ndipo masiku ena masana, m'nyumba muli ine ndekha, ikasiya kulira ndinkamva ngati kampando kakukokedwa pasimenti. Ndinkatsika, n'kupeza palibe kanthu. Foni ikalira Lamlungu masana sindinkaiyankha. Anthu obwera ndi makalata a boma ndinayamba kuwatumiza kwa maloya, n'kumanenedwa kuti ndayamba kunyada. Zoona zake n'zakuti ndinkachita mantha ndi mawu anga omwe.

Kawiri konse, iwo atagwada pa loko ndi kabotolo ka mafuta, ndinayesa kuyamba nkhaniyo.

"Achimwene, alamu aja bwanji tingowauza?"

"Zisiyeni."

"Zikundilemera."

"Nanenso. Koma tili awiri, tikwanitsa."

Mu 1989 mtima unayamba kuwavuta, ndipo anaganiza zobwerera ku Ntcheu. Anayenda m'makomo onse ndi chitini chija, kubweza makiyi kwa eni ake. Kwa ine sanafike. Ndinayamba kuwerenga masiku, n'kumadziuza kuti akakwera ndege a Marjorie apita osadziwa, ndipo ine nditsala ndi maola awiriwo ndekha. Ndinadziuzanso kuti mayi ayenera kudziwa zoona za mwana wake. Mawu amenewa ankamveka bwino kwambiri, monga ankamvekera mawu anga onse.

Kutatsala masiku anayi ndinapita ku Hyattsville m'mawa, ndikudziwa kuti a Kathumba apita kukatumiza katundu. Ndinapeza a Marjorie kukhitchini akukulunga mbale m'manyuzipepala. Ndinakhala pampando n'kunena zonse, za 2 koloko, za foni, za mawu anga mmene ndinawanenera. Anamvetsera mbale ili m'manja. Nditamaliza anaiika pansi bwinobwino.

"Nambala ya kuntchito kwanga inali pakhomapo," anatero akuloza pambali pa foni. "Pamwamba pa yanu."

Kenako ananena za amuna awo.

"Anandiopa ine chifukwa cha kampando. Zimenezo ndamva. Koma inu alamu, munkatani pamene ankaimba?"

"Ndinkaonera mpira."

"Anawina ndani?"

"Sindikukumbuka."

Ndinanama. Ndinkakumbuka, ndipo ndikukumbukabe, ndi zigoli zomwe. A Marjorie anatenga mbale ina n'kuyamba kuikulunga. Anandithokoza chifukwa chobwera, mwaulemu ngati ndine mlendo wa kutchalitchi, ndipo ndinatuluka. Ndivomere kuti pobwerera mumsewu ndinamva kupepuka. Kupepukako kunathera pamlatho wa panjira ya kwathu.

Mawa lake masana a Kathumba anagogoda. Anakana kulowa. Anali atavala jekete la kutchalitchi, ndipo nkhope yawo inali ya munthu amene sanadye. Anatulutsa kiyi m'thumba, wopanda kapepala ka dzina, n'kundigwiritsa m'dzanja.

"Mable wakula," anatero. "Mutha kutsegula."

"Achimwene, ndimati mwina..."

"Mwatula, achimwene. Ndaona. Koma mwatulira pamutu pa munthu amene sanalakwe."

Anatsika masitepe akugwira chitsulo, n'kukwera vani.

Tsiku lonyamuka tinapita ambiri kubwalo la ndege, Amalawi ndi a ku Zambia, mwinanso azungu awiri atatu a maloko aja. Panali mapemphero, panali zithunzi. A Marjorie anatsanzikana ndi aliyense, ndi ine ndemwe, kundigwira dzanja mofanana ndi ena onse. A Kathumba anali chapatali pang'ono, akuuza mayi wina wa ku Fairfax kuti loko amafuna mafuta kamodzi pachaka, ndipo kiyi asamamuike pamwamba pa firiji chifukwa ana amaona. Ndege itaitanidwa, a Marjorie ananyamula chikwama chawo n'kutembenuka.

"A Kathumba, tiyeni."

Anthu ena sanamve chachilendo chilichonse. A Kathumba anaima kaye, ngati akudikira kuti aitanidwenso. Kenako anatola kachikwama kawo n'kuwatsatira, ndipo sanacheuke.

Anamwalira ku Ntcheu chaka chotsatira. Kiyi uja ali m'dirowa ya patebulo langa, ndipo firiji ikadali pansi paja ndi loko wake. Okutobala akafika ndimatsika ndi kabotolo ka mafuta, n'kugwada.